Mwendo Wanga ndi Mwendo wa Nkhuku

Lachiwiri, 7 Meyi

Pa khadi lomwe apachika kumutu kwa bedi alemba kuti Dailesi Gerishomo, zaka 64, wa kwa Mwambo, fupa la ntchafu lathyoka pafupi ndi chiuno. Zonsezo n'zoona. Zomwe sanalembe ndizilemba ndekha, chifukwa kugona chagada n'kumangoyang'ana denga kungandipengetse. Mwayi, mwana wanga wotsiriza, wamkazi, amene ndi gadiyani wanga, wandigulira kope ndi bolopeni pageti.

Ndinagwa Loweruka. Munthu akamva choncho aziyesa ndinagwa mumtengo kapena m'bwato. Ayi ndithu. Ndinagwa pakhonde panga, khonde lomwe ndinazira ndekha, lomwe ngakhale mwana wokwawa amatsika osalira. Ndinali ndi lichero la mpunga m'manja, phazi linaphonya, ndinakhala pansi, ndipo m'chiunomu munalira kuti thyo. Ine amene ndasenza mitolo ya mpunga kuchokera kudambo chiyambire unamwali wanga, osagwa n'kamodzi komwe, kuthyoledwa ndi khonde! Zikundinyansa kuposa mmene zikundipwetekera.

Anandinyamula pa machira a njinga mpaka pa Kachulu, kenako minibasi mpaka kuno kutauni. Za mabampu a mumsewu umenewo sindilemba, ndingatukwane.

Lachitatu, 8 Meyi

Dzulo anandibaya jekeseni, n'kundiboola fupa pansi pa bondo lamanzere. Alowetsamo chitsulo chonga sipoko ya njinga, chotulukira uku ndi uku. Pachitsulopo amangapo chingwe, chingwecho chadutsa pa kawilo kumapazi kwa bedi, ndipo kumapeto kwake kukulendewera kathumba ka njerwa. Bedi alikweza chakumapazi kuti ndisamatsetserekere kumunsi.

Adokotala a mafupa, bambo wamfupi wosathamanga polankhula, afotokoza chonchi. Njerwazo zikukoka mwendo kuti zidutswa za fupa zikhale moyang'anana mpaka zigwirane. Masabata asanu ndi limodzi, mwina kupitirira. Njerwa zisagunde pansi, zisatsamire kanthu, usana ndi usiku. Zikapumula, minofu imakoka fupa, fupa limalungana mokhota, mwendo umafupika, ndipo ena sayendanso.

Mawu oti ena sayendanso ndi omwe andikhala pamtima. Ine ndikufuna kutuluka muno ndikuponda pansi ndi miyendo yanga, basi, zina zonse n'zapambuyo.

Bedi loyandikana nane muli a Mwanabibi, agogo a ku Songani, ogulitsa tomato pamsika. Nawonso ndi chiuno, nawonso ndi chingwe ndi njerwa. Anabwera sabata yatha. Akuwasamala ndi mpongozi wawo Rehema.

"Takulandirani kukhola, chemwali," anatero a Mwanabibi. "Muno tonse ndife mbuzi zomangirira. Inu anakugwetsani ndani?"

Ndinati khonde.

"Aaa, inu ndiye olemekezeka. Ine chinandigwetsa ndi chikopa cha nthochi."

Lachisanu, 10 Meyi

Lero adokotala anabwera ndi chithunzi cha ekisileyi n'kuchikweza pawindo. Anati fupa la munthu wathanzi limaoneka loyera ngati choko. Langa likuoneka ngati utsi. Anandifunsa ngati msana umandipweteka. Ndinati zaka zambirimbiri. Anafunsa ana omwe ndinayamwitsa, ndinati asanu ndi awiri. Anafunsa kuti ndinasiya liti kusamba, ngati ndimafwenkha fodya, ngati ndimamwa kachasu, ngati ndinathyokapo kwina. Kenako anatchula dzina la matendawo, ositiyoporosisi, dzina lalitali ngati la sitima. Tanthauzo lake n'loti mafupa amafumbwa m'kati pang'onopang'ono, monga chimanga cha m'nkhokwe, kunja chikuoneka bwinobwino. Amakonda amayi akasiya kusamba. Ndiye kuti khonde langa lilibe mlandu. Fupa linali litatha kale, linkangodikira chifukwa.

Ndinawafunsa ngati matendawa ndi achilendo, obwera chaka chino. Anati ayi, ndi akalekale, ndipo amapeweka.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Zaka zonsezi ndakhala ndikupita kukachipatala kakwathu ndi msanawu, n'kumandipatsa panado, n'kumandiuza kuti ndi ukalamba, agogo. Kusikelo tinaimba nyimbo za phala la mwana mpaka mawu kusasa. Anatiphunzitsa za maneti, za katemera, za chimbudzi chokhala ndi chivundikiro. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, nanunso amayi, mafupa anu akutha. Tinali ngati miphika yophikiramo ana, ikasweka n'kutaya kudzala.

Mankhwala omwe ayamba kundipatsa: piritsi la kashiamu kawiri pa tsiku, pomwe ndikudya, ndi lina la vitamini D. Lilipo lina lolimbitsa mafupa, lomwa kamodzi pa sabata, koma limenelo lidikira. Limafuna kumwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzadza madzi, munthu n'kukhala tsonga theka la ola. Wogona ngati ine lingamuotche kummero.

Pa zakudya anati bonongwe, chisoso, nkhwani, phala la mawere kapena la soya, mkaka ukapezeka, koma makamaka matemba odya ndi mutu womwe ndi minga yomwe. Ndinaseka mpaka chitsulo chinandibaya. Matemba! Ine wa ku Chilwa, amene nsalu zanga zonse zimanunkha matemba! Kwathu abwino timagulitsa kwa a geni ochokera ku Zomba. Otsala tikaphika, mbale yoyamba ndi ya abambo, yachiwiri ya ana, mayi amanyambita msuzi wa mumphika. Ndiye kuti zaka makumi anayi ndakhala ndikukazinga mankhwala anga n'kumawagwadira nawo a Gerishomo.

Lamulungu, 12 Meyi

Amuna anga a Gerishomo abwera, atavala jekete ya kutchalitchi, nkhope ili ngwee ngati apha mvuu. Anayang'ana chingwe, anayang'ana njerwa, n'kupukusa mutu.

"Amake Mwayi, musadandaule. Nkhani ndaithetsa kale. Ndinakwera bwato kupita ku Chisi kwa a Edwadi."

A Edwadi ndi munthu wodziwika kwathu pa nkhani yolunga mafupa. Kachitidwe kawo n'koti wodwala akakhala kutali, achibale amapita ndi nkhuku. Iwo amathyola mwendo wa nkhukuyo akutchula dzina la wodwala, n'kuumanga ndi timabango ndi mankhwala. Amati zomwe zikuchitika pa nkhuku zikuchitikanso pa munthu. Tsiku lomwe nkhuku yaponda pansi, munthunso wachira.

Ndinafunsa kuti anatenga nkhuku iti.

"Msoti woyera uja."

"Woyera? Umene umati uyambe kuikira mwezi uno? Bambo ake a Mwayi, m'nyumba mwathyoka munthu mmodzi, inu mwaona kuti sizikukwana, mwakathyolanso nkhuku?"

A Mwanabibi anaseka mpaka njerwa zawo zinagwedezeka. A Gerishomo sanaseke. Anati a Edwadi achiritsa asodzi ambiri, ndipo n'zoona, ndikudziwa anyamata awiri omwe akupalasa bwato lero. Koma amenewo anali anyamata. Ndinayesa kuwafotokozera za mafupa ofumbwa. Anangogwedeza mutu monga amachitira abusa akatalikitsa ulaliki.

Lachitatu, 15 Meyi

Sindinalembe chifukwa cha ululu ndi manyazi. Munthu wamkulu ngati ine kumachita chilichonse pa bedi, mwana wobala ndekha n'kumanyamula. Mwayi amachita mosanyinyirika, ndipo zimenezo zimandipwetekanso.

Anesi atiuza zochita tsiku lililonse: kugwedeza zala ndi akakolo, kupuma mpweya wambiri n'kutsokomola kuti chifuwa chisadzadze, kudzikweza pogwira chitsulo cha pamwamba kuti kumbuyo kusatuluke zilonda, kumwa madzi ambiri. Mabala a pachitsulo amawatsuka m'mawa uliwonse. A Mwanabibi amazemba zopumazo. Akuti anapuma kale mokwanira pa moyo wawo.

Lamulungu, 19 Meyi

A Gerishomo abweranso. Sanayambe n'kufunsa mmene ndagonera. Anayamba ndi nkhuku. Akuti ikudya bwino, ikumwa madzi, dzulo inaima ndi mwendo umodzi n'kuyesa kugunditsa winawo. Mudzi wonse ukuti umakaizonda. Amayi a Mvano anzanga, omwe sanafike kuno n'kamodzi komwe, akuti anakaiona kawiri.

Anandibweretsera nthochi ndi mabanzi. Ndinafunsa za matemba omwe ndinawatuma.

"Ndagulitsa. Munthu wodwala sadya za minga."

Ndinatseka maso kuti ndisachimwe pa tsiku la Mulungu.

Akuti mpunga wapsa kudambo ndipo wayamba kugwa, mbalame zikuchita phwando. Pochoka anamuitanira Mwayi pakhonde, ndipo ananong'onezana nthawi yaitali. Mwayi atabwerako sanandiyang'ane kumaso.

Lachinayi, 23 Meyi

Za lero n'zowawa, koma ndilemba.

Masiku apitawa ndakhala ndikugona tulo tabwino masana ndikamwa mapiritsi a ululu. Ndimadzuka mwendo uli wopepuka. Ndinafika poyamikira mapiritsiwo kwa anesi. Lero Mwayi atapita kukaphika, a Mwanabibi anandiitana chapansipansi.

"Chemwali, ine si wamiseche, koma mwendo ndi wanu. Inu mukangoti mphuno fwee, mwana wanu amakankhira kampando pansi pa njerwa zanu. Akamva nsapato za anesi amakachotsa. Ndaona kuyambira Lolemba. Ndimati mwina mwamutuma ndinu."

Mwayi atalowa ndi phala ndinamufunsa. Sanakane. Anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kulira.

"Ababa anati a Edwadi akuti chingwe chikulimbana ndi mankhwala. Akuti nkhuku sanaimangirire njerwa, ndiye inunso mwendo uzipumako kuti muziyendera limodzi. Komanso amayi, mumabuula kutulo. Ine sindimatha kumva."

Ndinamuuza mawu omwe sindilemba muno. Ndinati iwe unapita kusukulu mpaka Fomu 2, unamva ndi makutu ako zomwe adokotala ananena, ukumvera nkhuku? Kenako ndinaitana anesi ndekha, mokuwa, wodi yonse inatembenuka. Anesi anakachotsa kampandoko n'kukatulutsa panja. Akuti si ine woyamba, magadiyani ambiri amachita zimenezi chifukwa cha chisoni. Chisoni chimenecho chikhoza kundisiya pa mphasa moyo wanga wonse.

Lachisanu, 24 Meyi

Andijambulanso. Fupa lasuntha. Adokotala sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoonjezera njerwa ina n'kukonza chingwe. Ululu wake unandikumbutsa tsiku lomwe ndinagwa. Akuti zomwe zinayamba kugwirana sangazibwezeretse zonse. Mwendo ufupikako, mwina ngati zala ziwiri. Masabata aonjezera awiri. Ndinafunsa ngati ndidzayenda. Anati ngati njerwa sizipumulanso, chiyembekezo chilipo.

Mwayi sindikumulankhula. Amandipukuta, amandidyetsa, ndimangoyang'ana kukhoma. Ndikudziwa kuti si iye wolakwa weniweni, koma ndiye ali pafupi.

Lamulungu, 26 Meyi

Zomwe zachitika lero, wina akanandiuza ndikanati akunama.

Nthawi ya alendo a Gerishomo analowa atanyamula dengu lovundikira ndi chitenje changa. Anafika pakati pa wodi, anaika dengu pansi, anavundukula. Msoti woyera uja unatuluka, unadzikung'untha, n'kuyamba kuyenda. Unkatsimphina, koma unkayenda.

"Mwaona?" anatero mokweza kuti onse amve. "Yayenda kuyambira Lachisanu. Amake Mwayi, mwachira. Uzani anthuwa amasule zingwezi, minibasi ya ku Kachulu ikudikira kudepoti."

Nkhuku inalowa pansi pa mabedi. Inajompha nsima ya mayi wina wothyoka mkono, inadumphira pa thebulo la mankhwala, anesi anakuwa, magadiyani anayamba kuithamangitsa ndi zitenje. Odwala omwe sanasekepo chibwerereni anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke.

Ndinati, "Bambo ake a Mwayi, nkhuku yanuyo ili ndi miyezi ingati? Yabala ana angati? Yayamwitsa angati? Yasenzapo mitolo ingati ya mpunga? Imadya msuzi wokhawokha ngati ine? Ithyoleni ikafika zaka 64, tidzaone ngati idzayenda."

Anati ndikuwachititsa manyazi pagulu. Ndinati manyazi abwera nawo okha m'dengu. Ndinawauza za kampando, za fupa losuntha, za zala ziwiri zomwe andidula. Kenako anati chipatala ndicho chasokoneza, chikanasiya mankhwala a a Edwadi agwire okha ntchito.

Anesi aakulu anabwera n'kunena kuti wodwala akafuna kutuluka mokakamira amasaina yekha. Ndinati dzanja langa silinathyoke, koma silisaina.

"Ndiye Mwayi ndikupita naye," anatero a Gerishomo. "Mpunga ukuthera pansi. Sindingasiye chakudya cha chaka chonse chifukwa cha munthu wochira amene akukana kudzuka."

Ankayesa ndichita mantha. Ndinachitadi mantha, chifukwa muno munthu wopanda gadiyani ndi wosiyidwa. Koma ndinati mutengeni. Mwayi anapita akulira, akuyang'ana m'mbuyo. Nkhuku anaiiwala m'chipwirikiticho. Rehema anaigwira kuseri kwa chitseko.

Lolemba, 27 Meyi

A Mwanabibi anati Rehema azitisamala tonse awiri. Ndinati sindingamulemetse mwana wa eni. Anati, "Khalani chete, chemwali. Poto ndi mmodzi yemweyo."

Nkhuku ndinalamula kuti iphedwe. Ndi yanga, ndinaiweta ndekha. Anaizinga ndi Salimu, mwamuna wa Rehema, mwa Chisilamu, kuti tidye tonse. Ndinapempha mwendo wamanzere, wothyoledwa uja. Nditamaliza mnofu ndinaliyang'anitsitsa fupalo. Linalunganadi, koma mokhota, lili ndi chibuthu pakati. Ndinayesa kuliswa ndi mano kuti ndiyamwe mafuta a m'kati, linakana. Lokhota choncho, koma lolimba kuposa langa. Ndinalitaya m'mbale mokwiya, a Mwanabibi n'kumati ndikuchitira nsanje nkhuku yakufa.

Loweruka, 1 Juni

Rehema amandiphikira matemba osinja pamodzi ndi nsinjiro, amathira m'phala. Ndimadya ndi mitu yomwe. Ndimamuuza kuti nayenso azidya, asamadikire zotsala. Amaseka, amati apongozi awiri ndi ambiri kwa munthu mmodzi.

A Mwanabibi andiuza kuti zaka ziwiri zapitazo anathyoka dzanja atangotsamira pa benchi la tomato. Anawaika pulasitala n'kuwabweza kunyumba. Palibe anawauza kuti dzanjalo linali chenjezo. Adokotala akuti akanayamba mankhwala nthawi imeneyo, mwina chiuno chikanapulumuka. Iwo amangoti zinalembedwa. Ine ndimati zinalembedwa ndi anthu osalankhula.

A Mwanabibi ayamba kutsokomola. Ndawakalipira kuti azipuma mpweya uja.

Kwathu kuli zii. Palibe wabwera.

Lachiwiri, 4 Juni

A Mwanabibi thupi latentha. Akuti chibayo, chifukwa chogona nthawi yaitali. Awaika diripi ndi mpweya wa m'mphuno. Sakuseka. Ndimawaitana kuti chemwali, amangokweza chala.

Lachinayi, 6 Juni

A Mwanabibi atisiya m'mawa uno. Anamasula chingwe chawo, njerwa anaziika pakona.

Chikopa cha nthochi sichipha munthu. Ndakwiya, ndipo sindikudziwa woti ndimukwiyire.

Rehema pochoka anandigwira dzanja. Anati auza a geni ya nsomba opita ku Kachulu kuti akanene kwathu kuti ndatsala ndekha. Ndinati asavutike. Anati sanandipemphe chilolezo.

Loweruka, 8 Juni

Magadiyani a anthu ena amandithandiza akamaliza za odwala awo. Ndimadikira. Nthawi zina ndimadikira mpaka mochedwa, ndipo zimachitika zomwe zimachitika. Kumbuyo kwayamba kufiira, anesi apakapo mankhwala. Ndikupuma mpweya uja mwaukali, ngati ndikukangana ndi munthu. Njerwa ndimaziyang'ana ndekha kuti zikulendewera.

Lamulungu, 9 Juni

A Gerishomo afika. Opanda jekete. Anyamula mkeka, poto, ndi kamtolo ka nkhuni.

Ndinafunsa kuti Mwayi ali kuti. Anati akumweta mpunga ndi azilamu ake, iye ndiye ali ndi mphamvu. Ndinafunsa kuti nanga gadiyani ndani. Analoza pachifuwa pawo.

Ndinati, "Inu? Amene simudziwa kumene kumakhala mchere m'nyumba mwanu momwe?"

Anakhala pansi, pasimenti, pambali pa bedi lomwe munali a Mwanabibi. Anayang'ana njerwa zili pakona zija. Patapita nthawi anati:

"Amayi anga analowa m'chipatala ndi chiuno chomwechi. Munali musanabwere pabanja pathu. Anawamanganso chonchi. Anatuluka atakulungidwa. Ine nditaona chingwechi tsiku loyamba lija, ndinaona maliro. Ndimafuna ndikuchotseni msanga."

Zaka zonsezi sanandiuzepo. Ndinkangodziwa kuti apongozi anamwalira kalekale. Ndinamva chisoni, sindikana. Koma ndinawauza kuti mantha awo andidula mwendo, ndipo chisoni sichiutalikitsa. Anati akudziwa. Ndinati ngati akhala, lamulo ndi limodzi: njerwa asazikhudze, asaziyandikire, asaziyang'ane n'komwe. Anati amva.

Lachinayi, 13 Juni

Amuna saloledwa kugona m'wodi ya amayi, ndiye a Gerishomo amagona kumalo a magadiyani n'kumabwera nthawi ya chakudya. Akuti kumeneko ndi bambo yekha pakati pa amayi, ndipo awapatsa dzina loti Anaphala. Phala lawo loyamba linali la mibulu ngati miyala ya mumsewu wa ku Kachulu. Lachiwiri linapserera. Ndinadya, chifukwa ndikufuna mphamvu, koma ndinawauza maganizo anga pa supuni iliyonse.

Za pabedi amandithandiza mayi wina wa bedi lapakhomo, a Gerishomo n'kumutungira madzi ndi kumuwazira nkhuni posinthana. Lero ndawaona pawindo akuchapa nsalu zanga pampopi, akuchita kubisa ndi thupi kuti anthu asaone zomwe akuchapa. Sindinawaitane.

Lachitatu, 19 Juni

Dzulo ndi tsiku lomwe ndikanamasulidwa pakanapanda kampando kaja. Ndawakumbutsa a Gerishomo. Anangoti inde.

Andijambula. Fupa likugwirana, koma mochedwa, monga amachitira mafupa ofumbwa. Kufiira kwa kumbuyo kwatha. Kashiamu ndi vitamini D ndikumwabe. A Gerishomo aphunzira kusinja matemba. Lero anabweretsa chisoso chomwe anakathyola okha kuseri kwa mpanda, chowawa ngati kwinini chifukwa sanataye madzi oyamba.

Lachisanu, 28 Juni

Mwayi anabwera ndi mpunga watsopano. Wakolola theka, lina linadyedwa ndi mbalame. Anaima patali ngati mlendo. Ndinamuuza kuti abwere andipese tsitsi, laphotana ngati ukonde wakale. Anandipesa akulira, misozi n'kumandigwera m'khutu. Ndinati ngati akufuna kundisambitsa akatenge beseni.

Lachiwiri, 2 Julayi

Achotsa chitsulo. Ndimayembekezera ululu waukulu, koma chinangotuluka kuti swee. Mwendo ukuoneka ngati si wanga, woonda, wotuwa, bondo louma gwa. Andikhazika tsonga koyamba, wodi yonse inazungulira, ndinagwira bedi.

Adokotala alemba zopita nazo kunyumba. Piritsi la pa sabata lija ndiyamba Lolemba. Kashiamu apitirire. Ndiziwothera dzuwa, ndiziyenda tsiku lililonse ndi ndodo, chifukwa fupa losagwira ntchito limafumbwa msanga. Nsapato yamanzere akaikweze kwa osoka nsapato. Pakhomo pasakhale zopunthwitsa. Zosenza pamutu zatha, zolowa m'matope a kudambo zathanso. Ndinafunsa kuti ndiye ndizichita chiyani. Anati ndizilamula. Ndinati imeneyo ndiye ntchito yomwe ndimaitha.

Akuti mawa kapena mkuja ayesa kundiimiritsa. Sindikuuza munthu, koma ndikuopa.

Lachinayi, 4 Julayi

Anabwera mayi wa zolimbitsa thupi ndi chitsulo cha miyendo inayi chogwirira poyenda. Anatsitsa miyendo yanga pansi. Simenti inali yozizira, ndipo ndinali nditaiwala kuti pansi pamazizira. Anati ndigwire chitsulo, nditsamire kutsogolo, ndidzuke. Ulendo woyamba ndinabwerera pabedi. Wachiwiri chimodzimodzi, thukuta lili kamukamu. Wachitatu ndinaluma mano, ndinaima.

Mwendo wamanzere ndi wamfupidi, chidendene sichifika bwino. Koma unandinyamula.

A Gerishomo anali ataima kutsogolo kwanga, manja ali tambasu ngati akudikira mwana wophunzira kuyenda. Nditakweza maso, ndinapeza kuti ndikuyang'ana thumba la malaya awo. Thumba la malaya! Tsiku la ukwati wathu anthu ankaseka kuti mkwatibwi watalika kuposa mwamuna, ndipo wojambula anawaimika pa chitsa kuti tifanane. Zala ziwiri za mwendo sizingandichotsere msinkhu wonsewo. Ndi msana uja womwe ankati ndi ukalamba. Wakhala ukuphwanyika pang'onopang'ono, ine osadziwa, poti munthu sadziona kutalika kwake.

Ndinafunsa, "Bambo ake a Mwayi, munkaona kuti ndikufupika?"

"Ndinkaona."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Mwayi asanakwatiwe."

"Osanena?"

"Ndinkayesa ndi mmene amayi amakalambira. Amayi anga anatero, amayi anu anatero. Ndimati ndikanena mukhumudwa."

Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana pansi. Ndinali ndi mawu ambiri, koma mpweya unali wochepa, ndipo ndinaona kuti ndiusunge. Ndinangoti achoke kutsogolo kwanga, akunditchinga njira.

Ndinakankha chitsulo, ndinaponda, ndinakoka mwendo winawo. Ndinadutsa bedi la mayi wothyoka mkono, ndinadutsa thebulo la anesi. Ndinafika pakhomo n'kugwira chitseko ndi dzanja langa. Pobwerera mphamvu zinandithera, ndipo ndinawalola a Gerishomo kundigwira pachigongono. Koma sindinawalankhule.